Garaja ya amagetsi ya ku City Deep: samasula alternator asanayeze

Pakati pa eni malole onyamula katundu kuchoka ku Johannesburg kupita kumudzi, mawu akuti "alternator yafa" amamveka kawirikawiri kuposa mmene ma alternator amafera. Alternator ndi makina amene amatchaja mabatire injini ikamalira. Dalaivala amaimba foni ali pamzere wa pa boda ya Beitbridge, akuti bwana, lole yakana kulira, alternator yapita. Mlandu waweruzidwa kale pomwe palibe amene wayika mita paliponse. Mwini lole atumiza ndalama, amanga alternator ina, pakatha masabata awiri vuto lija labwereranso. Garaja imene tikuikamba pano ili m'dera la mafakitale cha ku City Deep, kumwera kwa msewu wa M2. Ili ndi zofooka zake ndipo tizinena, koma pali chinthu chimodzi chokwanira kuti munthu aipitire: samasula alternator asanatsimikize kuti ndi imenedi yalakwa.

Malo ake si okopa maso. Pabwalo pamakwana malole awiri a matani 8, kapena atatu ang'onoang'ono. Mkati muli benchi yoyezera ma alternator ndi masitata, ndipo m'mashelefu mwadzaza zakale zodikira kukonzedwa. Amene amabwera kwambiri ndi a Isuzu NPR ndi FTR, Toyota Dyna, Mitsubishi Canter, Nissan UD ndi Hino zakale, zija za pampu ya dizilo yopanda kompyuta. Ngati yanu ndi thiraki yatsopano yofuna kulumikiza laputopu, pano si panu, ndipo eni ake amakuuzani pachipata pomwe.

Malole akalewa amanyenga chifukwa injini yake ikalira siifunanso moto wa pulagi ngati ya petulo. Magetsi ochepa oti agwire solenoid yotsegula mafuta ndi okwana, ndipo zina zozimitsa ndi chingwe sizifuna ngakhale zimenezo. Ndiye lole ikhoza kunyamuka m'mawa alternator itasiya kale ntchito, n'kudutsa Polokwane, n'kukafika ku Musina, mtunda wopitirira makilomita 500, ikudya mabatire pang'onopang'ono dalaivala osadziwa. Vuto limaonekera usiku, malaiti akayamba kufiira, kapena pamzere wa pa boda pomwe injini imazimitsidwa ndi kulizidwa kangapo pa ola. Kumene vuto laonekera si kumene layambira, n'chifukwa chake kuganizira chabe kumataya ndalama.

Lole ikalowa, amayambira kumabatire, ndipo amayeza lililonse palokha. Malole ambiri a mtundu umenewu ndi a 24V, mabatire awiri a 12V olumikizidwa motsatizana. Amayatsa malaiti kwa mphindi imodzi kuti achotse kamphamvu konamiza kamene kamatsala batire likangochoka kumene pa tchaji, kenako azimitsa, adikira pang'ono, n'kuyeza. Batire lodzaza limaonetsa ma volti 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12.0 ndi lophwa. Limene laima cha pa 10.5 nthawi zambiri lili ndi chipinda chimodzi chakufa. Kuyeza onse awiri pamodzi kumabisa chilonda: 12.7 kuphatikiza 11.9 kumapereka 24.6, nambala yooneka ngati yabwinoko, chikhalirecho batire limodzi likukoka linzake kumanda. Mabatire okhala ndi zivindikiro amawayezanso asidi ndi hydrometer, chipinda ndi chipinda. Lodzaza limakhala cha pa 1.265 mpaka 1.280, ndipo chipinda chimodzi chikasiyana ndi zinzake ndi 0.050 kapena kupitirira, batirelo latha ngakhale likuoneka latsopano kunja. Chomaliza ndi kuliyeza litasenza katundu: makina amakoka theka la ma CCA (ma amp amene batire limatha kupereka poliza injini kukuzizira) olembedwa pabatirepo kwa masekondi 15, ndipo lisatsike pansi pa 9.6.

Apa ndi pamene makasitomala ambiri amakwiyira. Mabatire akapezeka ophwa, garajayi siipitiriza kuyeza alternator ndi mabatire ophwawo. Amawatsitsa, kuwayika pa tchaji yapang'onopang'ono usiku wonse, kapena kumanga awo obwereka kuti ayezere. Munthu amene katundu wake wa anthu akudikira ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ya mu Johannesburg, kapena kuwelehausi amaona ngati akumuchedwetsa dala. Ife tikuti garaja ili bwino. Batire lophwa limameza mphamvu yonse imene alternator ikutulutsa, ma volti amakhala pansi, ndipo alternator yabwinobwino imaoneka ngati yodwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limodzi lotayika mu Johannesburg n'lotchipa poyerekeza ndi masiku atatu pamsewu wa ku Tete.

Lamba sawatayitsa nthawi, koma samulumpha. Akamukanikiza ndi chala pakati pa ma pulley awiri asapindike kupitirira pafupifupi mamilimita 10. Injini ili yozima amagwira fani ya alternator n'kuyesa kuipotokola: ikaterereka pa lamba, ndiye kuti ikamatchaja mwamphamvu imatererekanso. Amayang'ananso m'ngalande ya pulley. Lamba wa V amayenera kugwira m'mbali, osati pansi, ndipo pansi pa ngalandeyo pakawala ngati galasi, pulley yadyeka kapena lamba ndi wa saizi yolakwika, kumanga kwambiri sikungathandize. Kumanga mopitirira kumangopha bearing yakutsogolo. Pomwe pali malamba awiri amasintha onse nthawi imodzi. Kulira kuja kwa tswii m'mawa injini itangodzuka, n'kusiya pakapita mphindi, kumachitika chifukwa ndi nthawi imene alternator ikubweza zimene sitata yadya, ndipo ndi chizindikiro choyamba cha lamba wotha.

Kenako amatsegula kiyi osaliza injini, maso ali pa dashibodi. Kababu ka chizindikiro cha batire kayenera kuyaka. Anthu ambiri sadziwa kuti pa ma alternator ambiri akale kababu kameneka si kongochenjeza ayi, ndi njira imene magetsi oyambira amadutsa kupita ku rotor, gawo lozungulira la m'kati mwa alternator, kuti maginito adzuke. Waya wake umafikira pa terminal yolembedwa D+ kapena 61 pa za mtundu wa Bosch, ndi L pa za ku Japan. Babu likapsa, fyuzi yake ikaduka, kapena pulagi yakumbuyo kwa alternator ikachita dzimbiri, alternator imazungulira chabe osatulutsa kanthu, kapena imayamba kutchaja pokhapokha mwaponda mafuta kwambiri. Masiku ano pabwera vuto lina: anthu akusintha mababu a dashibodi n'kuikamo a LED chifukwa amawala bwino. LED imadutsitsa magetsi ochepa kwambiri moti rotor siidzuka. Mankhwala ake ndi kababu wamba ka 24V, ka mawati 2 kapena 3, kotchipa kuposa botolo la mafuta ophikira. Garajayi imakhala ndi bokosi la mababu amenewa pabenchi, ndipo lole imene vuto lake ndi limeneli imatuluka yalipira kuyeza kokha ndi babu.

Injini ikalira, amaikweza pang'ono cha pa 1,500 pa wotchi yoonetsa liwiro la injini n'kuyeza pamabatire. Pa lole ya 24V amayembekeza pakati pa 27.6 ndi 28.8, ndipo pa ya 12V pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako ayatsa malaiti aakulu, fani ya m'kabu ndi ma waipa, n'kuona ngati nambala ija ikugwirabe. Ikagwa kufika ku 25 kapena 26, pali vuto, komabe sanati anene kuti ndi alternator.

Chimene chikuisiyanitsa garajayi ndi amagetsi ambiri a m'mbali mwa msewu ndi chotsatira, kuyeza mphamvu yotayikira m'mawaya. Injini ikulira, zonse zili zoyaka, amayika nsonga imodzi ya mita pa bawuti yaikulu ya B+ kumbuyo kwa alternator, inayo pa mtovu weniweni wa + ya batire, osati pa chomangira chake. Mita ili pa ma volti. Waya wabwino umaonetsa 0.2 kapena 0.3, ndipo chopitirira theka la volti ndi vuto. Amachitanso chimodzimodzi kumbali ya earth, njira imene magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha lole: nsonga ina pathupi la alternator, ina pa − ya batire, ndipo apa safuna kuona zopitirira 0.2 kapena 0.3. Nambala ikakwera amayenda nayo nsongayo pang'onopang'ono, kuchoka pa bawuti kupita pa lagi (kachitsulo ka kumapeto kwa waya), kuchoka pa lagi kupita ku sitata kumene mawaya ambiri amakumanirana, kudutsa pa switchi yodulira mabatire ngati ilipo, mpaka apeze polumikizira pamene nambala yadumpha. Pamenepo ndi pamene pali chilonda.

Chifukwa chake kuyeza kumeneku kumaposa kuja kwa kuliza kabelu ka mita, kamene kamalira waya ukakhala wosaduka, n'chosavuta. Waya umene watsala ndi timinga titatu tokha mkati umalizabe kabelu, chifukwa mita imatumiza magetsi ochepetsetsa. Koma ma alternator a malolewa nthawi zambiri amatulutsa ma amp pakati pa 35 ndi 60. Polumikizira pamene pali ma ohm 0.02 okha, omwe mita wamba siingawaone, pamataya volti yathunthu pakadutsa ma amp 50. Alternator imatulutsa 28, batire limalandira 27, kenako earth yoipa idyanso theka lina, ndipo mabatire amakhala osadzaza mwezi ndi mwezi mpaka afe. Mukagula alternator yatsopano n'kuimanga pa waya womwewo, mwagula vuto lomwelo kawiri.

Akadula chikopa cha waya wotere pafupi ndi lagi, mkati mumakhala ufa wobiriwira, mkuwa wasanduka wakuda, timinga tikuthothoka tokha m'manja ngati udzu wouma. Kunja kwake umaoneka wathanzi. Bokosi la mabatire pa malole amenewa limakhala panja, kumbuyo kwa kabu, pomwe matope a dzinja ndi nthunzi ya asidi zimakumana, ndipo dzimbiri limakwawa kulowa pansi pa chikopa. Amadula mpaka apeze mkuwa wowala, n'kumanga lagi yatsopano ndi chopanira champhamvu, osati ndi hamala pa mwala, n'kuphimba ndi kapaipi kofota ndi moto. Ma terminal amawatsuka ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, kuwapala mpaka awale mkati ndi kunja, kumanga, ndiyeno kupaka girisi pamwamba. Girisi amabwera pomaliza, osati pakati pa mtovu ndi chomangira.

Malole opendama kabu ali ndi nthenda yawoyawo. Nthawi iliyonse kabu ikakwezedwa, mtolo wa mawaya umapindika pamalo amodzimodzi pafupi ndi hinji, ndipo pakapita zaka mawaya amathyokera mkati. Lamba wa earth wolumikiza kabu ku chasisi, ndi wina wolumikiza injini ku chasisi, amawola kapena kuiwalika amakaniko akamasintha kalatchi. Magetsi akasowa njira yawo amafuna ina, ndipo amadutsa pa chingwe cha mafuta chochokera popondera, cha sipidomita kapena cha handibuleki. Chingwe cha mafuta chikamatentha kapena kuuma pambuyo poliza injini, musachisinthe musanayang'ane earth. Zizindikiro zina ndi geji ya kutentha imene imakwera mukayatsa malaiti, ndi ma indiketa ophethira limodzi ndi malaiti a buleki. Apa garajayi imachita bwino: sayang'ana ndi maso okha, amayeza pakati pa injini ndi − ya batire sitata ikuzungulira, ndipo chopitirira theka la volti amamanga lamba watsopano pa chitsulo chopala, osati pa penti.

Mawaya akapezeka abwino ndi pamene amatembenukira kwa alternator mwini wake. Amasinthira mita ku AC n'kuyeza pa B+. Alternator imapanga magetsi a AC, osinthasintha mbali, amene ma diode amawongola, ndipo diode imodzi ikafa, AC ina imadutsa. Nambala yopitirira theka la volti imawapatsa chikayiko, ngakhale amanena okha kuti mita yotchipa imanama pa kuyeza kumeneku, ndiye amatsimikiza pabenchi. Diode yakufa imadziwikanso ndi kulira kwa mluzu kokwera ndi injini, kababu ka batire koyaka mwa chizimezime usiku, ndi alternator yotentha kwambiri koma yopereka zochepa. Pa malole amene wotchi ya injini imatenga chizindikiro pa terminal ya W ya alternator, muvi wake ukayamba kuvina kapena kugwa wokha, yang'anani lamba ndi alternator musanagule wotchi ina. Vuto lotsutsana ndi limeneli, kutchaja mopitirira, limaonekera ndi ma volti okwera kufika ku 30, fungo la dzira lovunda pabokosi la mabatire, madzi otha msanga ndi mababu opsa sabata iliyonse. Kawirikawiri ndi regulator, kachida koletsa ma volti kupitirira muyeso, koma pa malole akale kwambiri amene regulator yake ili payokha pakhoma la kabu, earth yake yokha ikhoza kukhala yolakwa.

Pali nkhani ina yofunika kwa a NPR, Dyna ndi Canter. Ma alternator ambiri a malolewa ali ndi pampu ya vacuum kumbuyo kwake, imene imathandiza buleki kufewa. Pampuyo imalandira oilo wa injini, wolowa pa kapaipi kakang'ono n'kutuluka pa paipi yarabala yobwerera ku sampu. Silu yapakati ikatha, oilo amalowa mu alternator, kunyowetsa mabulashi, kusakanikirana ndi fumbi lake n'kukhala phala lakuda, mabulashi n'kumamatira osakhudzanso mphete za rotor. Ambiri amangosintha mabulashi, pakapita mwezi zabwerera. Garajayi imasintha silu, kuyang'ana ngati shafuti yadyeka pomwe siluyo imagwira, ndipo imamasula paipi yobwerera ija kuona ngati yatsekeka kapena kupindika, chifukwa oilo akasowa potulukira amakankha silu yatsopano yomwe. Madalaivala adziwenso ichi: kababu ka batire kakayaka mwadzidzidzi muli paulendo, geji ya kutentha n'kuyamba kukwera, buleki n'kuuma phazi, lamba waduka. Imani pomwepo. Si nkhani ya magetsi okha, ndi ya moyo.

Tsopano vuto limene lili lathu kwambiri ife a maulendo ataliatali. Lole ndi ya 24V, koma wailesi, tchaja ya foni, kafiriji ndi kainveta ndi za 12V. Njira yachidule imene amagetsi a m'misewu amachita ndi kutenga waya pakati pa mabatire awiri aja, ndiye kuti zonsezo zikudya batire limodzi lokha, lija lolumikizidwa ku chasisi. Alternator siidziwa zimenezi. Iyo imangoona kuti onse pamodzi akwane 28. Batire lodyedwa limakhala pansi, mwina pa 13.2, ndipo linzake limakankhidwa kufika ku 14.8 kapena kupitirira. Lina likufa ndi njala, linzake likuwira n'kutha madzi. Mwini lole amasintha limodzi lakufalo, latsopano limamangidwa ndi lokalamba, pakapita miyezi ingapo agulanso, n'kumadandaula kuti mabatire a masiku ano ndi achabechabe. Mabatire alibe mlandu. Chofunika ndi kabokosi kotsitsa 24V kufika pa 12V, kotenga mphamvu pa mabatire onse awiri, kokhala ndi fyuzi yake pafupi ndi pomwe katengera, ndipo kakhale ka ma amp oposa zimene zida zanu zonse zimadya pamodzi. Garajayi imafufuza waya wakuba umenewu pa lole iliyonse popanda kuuzidwa, ndipo imayeza batire lililonse palokha injini ikulira. Akasiyana ndi theka la volti, amausaka mpaka aupeze. Pa chimenechi tikuwayamikira kwambiri.

Lole imene imalira bwino Lachisanu koma Lolemba yafa amaiyeza mwanjira ina. Kiyi atachotsa, zitseko zotseka, amamasula − ya batire n'kulowetsa mita pakati, ili pa ma amp. Lole yakale yopanda zowonjezera siidya pafupifupi kanthu, ndipo yokhala ndi tracker ndi wailesi isapitirire ma milliamp 50 kapena kuposera pang'ono. Nambala ikakhala yaikulu amazula fyuzi imodziimodzi mpaka igwe. Ikapanda kugwa mafyuzi onse atazulidwa, amamasula B+ ya alternator, chifukwa diode yodontha imabweza magetsi usiku wonse. Theka la amp limaoneka laling'ono, koma pa sabata imodzi ndi ma amp-hour 84, pafupifupi batire lonse la saizi ya 674. Mu June ndi July, pomwe Johannesburg imadzuka ndi chisanu pa magalasi, oilo atalimba, ma glow plug otenthetsa injini akudya zawo, batire lotsala theka silingazungulitse injini ya dizilo.

Zofooka zake nazi, ndipo si zazing'ono. Choyamba, akakonza alternator ali ndi zida za mitundu iwiri, zodula ndi zotchipa, ndipo mukapanda kufunsa amaika zotchipa osakuuzani. Kwa galimoto yozungulira mu tauni mwina zilibe kanthu. Kwa lole yosenza katundu kudutsa kutentha kwa ku Musina ndi ku Tete, malaiti ali chiyakire usiku wonse, regulator ndi ma diode otchipa ndi amene amayamba kugonja. Nenani musanachoke kuti mukufuna zolimba, ndipo funsani zimene asintha: ma bearing onse awiri kapena imodzi, mabulashi okha kapena ndi regulator yomwe, mphete za rotor azisintha kapena angozipala. Mphete imene yakumbika ngalande imadya mabulashi atsopano msanga. Pemphani kuti aiyeze pabenchi inu mukuona, ili ndi katundu, muone ma amp amene ikutulutsa ndi kuyerekeza ndi olembedwa pathupi lake.

Chachiwiri, amalolera kugulitsa batire limodzi mwini lole akaumirira. Amachenjeza, koma amamanga. Pa 24V mabatire ayenera kukhala ofanana saizi, mtundu ndi msinkhu, ndipo garaja yodziwa zambiri chonchi ikanayenera kukana. Ngati yanu ndi ya 674 kapena 689, gulani awiri, ndipo bweretsani akale chifukwa kuno batire lakale lili ndi mtengo, mukapanda kubweza mumalipira zowonjezera.

Chachitatu ndi mapepala. Mtengo amanena pakamwa, manambala amene apeza salemba, ndipo amafotokoza mothamanga mu Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, moti dalaivala wongofika kumene amangovomera mutu. Lamulo la kuno ku South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limateteza munthu wamba ndi bizinesi yaing'ono: gawo 15 likuti asagwire ntchito musanavomere mtengo, gawo 57 likupereka waranti ya miyezi itatu pa chida chatsopano kapena chokonzedwa chimene amanga pamodzi ndi ntchito yomangayo, ndipo gawo 67 likukupatsani ufulu wolandira zida zimene achotsa. Mukapempha lisiti yolemba zonse amakupatsani mosakangana, koma mpaka mupemphe. Auzeni alembepo ma volti a batire lililonse, ma volti otchaja, ndi zotayika pa waya wa + ndi wa earth, asanakonze ndi atakonza. Pepala limenelo likhale m'kabu. Lole ikadzavuta ku Harare kapena ku Mwanza, wamagetsi wa kumeneko adzakhala ndi poyambira, ndipo inu mudzadziwa ngati akukuuzani zoona.

Kunja kwa tauni sapita, ndipo Lolemba ndi Lachisanu pabwalo pamadzaza moti lole yaitali imadikira mumsewu. Pakati pa sabata m'mawa ndi pabwino. Ndalama yoyezera amalipitsa payokha ngakhale vuto lipezeke kuti ndi babu, ndipo ena amang'ung'udza nazo, koma ndi ndalama imene ikugula nzeru zonse zimene tafotokozazi.

Waranti ya miyezi itatu siingakuthandizeni muli pakati pa Nyamapanda ndi Tete, choncho nthawi yopitira ndi yofunika. Pitani kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti mupakire, kuti lole iyendeko mu tauni masiku awiri itakonzedwa, igone usiku, ilizidwe m'mawa kukuzizira, ndipo ngati china chatsalira mubwerere katundu asanakwere. Anyamata a pagarajapo amabwereza zinthu zitatu kwa dalaivala aliyense, ndipo n'zoona zonse. Musamasule terminal ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikutchaja, chifukwa mphamvu imadumpha mwadzidzidzi n'kupha ma diode ndi regulator pomwepo. Musalole wowotcherera agwire chasisi kapena bodi mabatire ndi mawaya a alternator asanamasulidwe. Ndipo pobwereka moto kwa lole inzanu, tsimikizani kuti nayo ndi ya 24V, yambani ndi waya wa +, wa − mumalizire pa injini kapena chasisi kutali ndi mabatire, chifukwa batire lotchajidwa limatulutsa mpweya wogwira moto.

M'kabu musasowe mita ya ma volti ngakhale yotchipa, lamba wapadera wa saizi yanu, mafyuzi, kababu ka dashibodi, ma terminal awiri, sipanala za 10, 12 ndi 13, ndi waya wonenepa wa mita imodzi wokhala ndi malagi mbali zonse. Waya umenewu ukamangidwa kuchoka pa injini kupita ku − ya batire ukhoza kukufikitsani ku Blantyre pa earth imene yawolera panjira. Amaupanga pomwepo mukudikira, ndipo auzeni autalikitse kuti ufike pa bawuti ya sitata ya lole yanu, osati kungodula mwachizolowezi.